Kuphunzira dizaini ndi makutu okhaokha

Pali zitseko zina zimene zimachititsa munthu manyazi popanda chifukwa. Mwafika pakhomo la nyumba yaikulu, chitseko ndi chagalasi, chili ndi chogwirira chachitali chachitsulo, chonyezimira bwino. Dzanja lagwira, lakoka. Chitseko chili nji. Mwakokanso, ulendo uno ndi mphamvu, mpaka wina kumbuyo kwanu wanena motsitsa mawu kuti, "Mungokankha, bwana." Mukulowa mutazyolika ngati mwaba kanthu. Komatu wolakwa si inu. Chogwirira chotere chimauza dzanja kuti likoke, ndipo dzanja limamvera lisanafunse mutu. Chitseko chokankha chimangofunika kachitsulo kafulati kopanda pogwira, kuti dzanja lisowe chochita china kupatula kukankha. Amene anasankha chogwirira chija ananamiza dzanja lanu, ndipo madandaulo atachuluka anangomatapo kapepala kouza anthu chochita, bodza lenilenilo n'kulisiya pomwepo.

Katswiri wina wa ku America, Don Norman, anafotokoza vuto limeneli m'buku lake la mu 1988 lonena za zinthu zimene timagwira tsiku ndi tsiku, moti mpaka lero anthu a ntchito ya dizaini amatchula zitseko zosokonezazi kuti zitseko za Norman. Koma ndayambira pa chitseko pa chifukwa china. Sindinakuonetseni chithunzi chilichonse, koma chitsekocho mwachiona, ndipo mwamvetsa pamene panalakwika. Apa ndi pamene pagona yankho la funso limene ambiri amafunsa akamva kuti kuli ma podcast ophunzitsa dizaini: ntchito ya maso ingaphunziridwe bwanji ndi makutu?

Funsoli limabwera chifukwa ambirife timaganiza kuti dizaini ndi kukongoletsa. Munthu akati amagwira ntchito ya dizaini, timamuona ali pakompyuta akusankha mitundu ya chikwangwani. Imeneyo ndi mbali imodzi chabe, yakumapeto. Chiyambi chake ndi zosankha. Mpando umene mwakhalirawo, wina anasankha kutalika kwa miyendo yake, ndipo posankhapo anali ndi thupi la munthu wina wake m'maganizo, mwina osati lanu. Fomu ija imene munasowa malo olembapo dzina lanu lonse, wina anasankha kukula kwa kabokosiko. Chivindikiro cha botolo la mankhwala chimene mwana sangatsegule, kutalika kwa masitepe, pamene msewu wakhotera, zonsezi zinadutsa m'mutu mwa munthu amene anali ndi ndalama zoperewera, nthawi yochepa, bwana wouma mutu ndi malamulo oti atsatire. Diso limangoona mapeto ake. Mmene zinafikira pamenepo zimafunika wokusimbirani. Podcast yabwino imakulandani chithunzi, ndiye simungathenso kungoti chakongola kapena chanyansa n'kupitirira. Mumakakamizika kumva chifukwa chake.

Kwa amene sanazolowere, podcast ndi pulogalamu ya mawu ngati ya pawailesi, koma yoikidwa pa intaneti m'magawomagawo kuti munthu amvere nthawi imene wafuna. Dzinali linaoneka koyamba mu February 2004 m'nyuzipepala ya The Guardian, m'nkhani ya mtolankhani Ben Hammersley, ndipo linachokera ku kachipangizo komverera nyimbo ka iPod. Zinthu zinayaka moto pakati pa 2005 pamene Apple inaika ma podcast mu iTunes. Ambiri ndi aulere. Amapezeka pa Spotify, Apple Podcasts, Pocket Casts, AntennaPod ngakhalenso YouTube, ndipo gawo la ola lathunthu la mawu okha limadya pakati pa 30 MB ndi 60 MB, kutengera mmene analisungira.

Ma podcast a dizaini alipo ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu awiri ovomerezana pa chilichonse kwa ola lathunthu. Amene ali ndi phindu nawonso sagwira ntchito imodzi. Ena amasimba nkhani, ena amafunsa munthu za moyo wake, ena ndi macheza a anthu a pantchito, ena ndi otsutsa. Kusadziwa kusiyanaku n'kumene kumagwetsa anthu ulesi. Woyamba kumene amagwera pa gawo limene akatswiri awiri akukangana za kabatani kena ka mu Figma, pulogalamu ya pakompyuta yochitira dizaini, n'kutseka mphindi zisanu zisanathe, n'kumati nkhani zimenezi si zake.

Osimba nkhani

Woyamba kumene ndimamuuza mosazengereza kuti ayambire pa 99% Invisible. Anaiyambitsa ndi Roman Mars mu 2010, ngati kapulogalamu ka mphindi zosakwana zisanu pa wailesi ya KALW ku San Francisco, mothandizana ndi nthambi ya kumeneko ya bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Dzina lake linachokera ku mawu a katswiri wa zomangamanga Buckminster Fuller, ndipo ganizo lake n'lakuti pafupifupi zonse zimene zimaumba dziko lotizungulira sitiziona. Mu 2012 Mars anapempha omvera kuti asonkhe ndalama pa webusaiti ya Kickstarter ndipo anasonkha madola oposa 170,000. Mu 2014 anathandiza kukhazikitsa Radiotopia, gulu la ma podcast oima paokha, ndipo mu 2021 anagulitsa pulogalamuyo ku kampani ya SiriusXM. Magawo ake anapitirira kale 600.

Kuti mumve mmene imaphunzitsira, tengani gawo lotchedwa Structural Integrity. Mu 1977 ku New York kunatha kumangidwa nyumba ya nsanjika 59 yotchedwa Citicorp Center. Pakona imodzi ya malowo panali tchalitchi cha St. Peter's cha mpingo wa Lutheran, ndipo eni ake analola kugulitsa malo pokhapokha atawamangira tchalitchi chatsopano pakona pomwepo, choima pachokha. Choncho nsanamira ya nyumba yaitaliyo sikanaima pakona. Injiniya William LeMessurier anaimika chinyumba chonsecho pa nsanamira zinayi zotalika ngati nsanjika 9, iliyonse pakati pa mbali yake, makona n'kumalendewera m'malere. Pamwamba anaikapo chimwala cha konkire cholemera matani 400, choyendera makina, choti nyumba ikamapendekera uku ndi mphepo icho chizitsalira, kugwedezeka n'kumachepa.

Chaka chotsatira, wophunzira wa pa yunivesite ya Princeton, Diane Hartley, akulemba za nyumbayi, anawerengera mphamvu ya mphepo yowomba cham'kona, ndipo manambala ake sanagwirizane ndi amene anapatsidwa. Malamulo a mzindawo panthawiyo ankangofuna kuti awerengere mphepo yowomba khoma molunjika, poti pa nyumba wamba imeneyo ndiyo imaopsa. LeMessurier atabwereza masamu ake anakumbukiranso china: zitsulo zimene pulani inati aziwotcherere, omanga anazilumikiza ndi mabawuti pofuna kupulumutsa ndalama, ofesi yake yomwe itavomereza. Anawerengera kuti magetsi atati athime, makina a chimwala chija n'kuima, mkuntho wa mtundu umene umabwera pafupifupi kamodzi pa zaka 16 ukanatha kugwetsa nyumbayo pakati pa mzinda. Anakaulula yekha kwa eni nyumba. Kwa miyezi ingapo owotcherera ankalowa usiku, a m'maofesi ataweruka, n'kumamata zitsulo zochindikala pa mfundo pafupifupi 200, kukamacha n'kusowa. Nyuzipepala zikuluzikulu za mzindawo zinali pa sitiraka, moti nkhaniyi inabisika mpaka 1995 pamene magazini ya The New Yorker inaiulula.

Munthu amene wamvera zimenezi kwa mphindi zochepa watola zinthu zimene ena amakazilipirira kusukulu. Waona kuti chopinga chimodzi, pano katchalitchi ka pakona, chikhoza kubala maonekedwe a chinthu chonse. Waona kuti kutsatira lamulo sikutanthauza kuti chinthu n'chotetezeka, chifukwa lamulo linalembedwera nyumba wamba. Waonanso kuti chimene chajambulidwa papepala ndi chimene amisiri amanga ndi zinthu ziwiri, ndipo ngozi imakonda kubisala pakati pake.

Pomwepa ndiikepo chenjezo, poti kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani yokoma imafuna ngwazi imodzi ndi mapeto osalala, pamene zenizeni zimakhala ndi zigumugumu. Hartley sanalankhule ndi LeMessurier mwiniwake. Analankhula ndi injiniya wina wa muofesi yake, ndipo LeMessurier posimba ankakumbukira foni ya wophunzira wamwamuna. Patapita zaka zambiri, akatswiri a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, atawerengeranso ndi njira zamakono anapeza kuti mphepo ya cham'kona ija sinali yoopsa monga ankaopera mu 1978. Izi sizichotsa phindu la gawolo. Zikungotanthauza kuti gawo la podcast ndi poyambira kufufuza, si chigamulo cha khoti.

Mars amadziwikanso ndi nkhani ya mbendera, imene anakaikamba pa msonkhano wa TED mu 2015. Mfundo zake anazitenga kwa akatswiri a mbendera a ku North America, ndipo n'zoti mwana akhoza kuziloweza: mbendera ikhale yosavuta moti mwana angaijambule osaiona, mitundu ikhale iwiri kapena itatu, pasakhale zolemba kapena chidindo, zizindikiro zikhale ndi tanthauzo, ndipo isakhale yongokopera ya ena. Poyesa, ijambuleni pa kapepala kakang'ono ngati chidindo cha kalata, chifukwa pamtengo patali ndi mmene imaonekera. Anayamikira ya Chicago, ya mizere iwiri yabuluu ndi nyenyezi zinayi zofiira, n'kuseka ya mzinda wa Pocatello ku Idaho, imene inali ndi zolemba mpaka kachizindikiro ka umwini ngati katundu wa m'sitolo. Anthu a ku Pocatello manyazi atawagwira anasintha mbendera yawo mu 2017. Mfundo zisanuzo zimagwiranso pa logo ya bizinesi, ndipo ndaonapo ma logo ambiri amene akanapulumuka eni ake akanangoyesa kapepala kakang'ono kaja.

Gawo lina losayenera kulilumpha ndi Curb Cuts, lonena za kamtsetse kamene amasema m'mphepete mwa msewu kuti njinga ya munthu wolumala ikwere. Ku Berkeley, mzinda wa ku California, anakamenyera ndi ophunzira olumala, patsogolo pali Ed Roberts, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Lero amene amakagwiritsa ntchito kwambiri ndi okankha ana, okoka masutikesi ndi onyamula katundu, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti panali nkhondo.

Mu 99% Invisible munatuluka mphukira yabwino, Articles of Interest ya Avery Trufelman, yonena za zovala. Inayamba mu 2018 ndipo inaima payokha mu 2022. Gawo lake la matumba ndimalikonda chifukwa limayankha dandaulo limene mayi aliyense amalidziwa: n'chifukwa chiyani foni imalowa yonse m'thumba la buluku la bambo koma imatulukira theka m'thumba la mayi, ngati thumbalo lilipo n'komwe? Kale ku Ulaya amayi ankamanga matumba akuluakulu m'chiuno, mkati mwa siketi, n'kumapisa dzanja pa mpata wong'ambidwa dala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 madiresi atayamba kukhala othina, matumbawo anasowa pobisala, ndipo katundu anasamukira m'kachikwama ka m'manja. Matumba a abambo anali atasokeredwa kale m'zovala, ndipo anakhalamo. Nkhani ya ulusi ndi singano yasanduka nkhani ya amene ankaloledwa kuyenda ndi zake, manja ali omasuka. Trufelman anapanganso magawo 7 otchedwa American Ivy, olondola mmene kavalidwe ka ophunzira a m'mayunivesite olemera a ku America kanakasungidwira ku Japan, kumene mwini kampani ya zovala Kensuke Ishizu anatumiza anthu kukajambula ophunzirawo mu 1965.

Ndiye pali Twenty Thousand Hertz ya Dallas Taylor, imene inayamba mu 2016. Iyi ndi yokhayo imene khutu silikusowa kanthu, chifukwa nkhani yake ndi dizaini ya mawu. Dzinalo ndi malire a pamwamba a zimene khutu la munthu lingamve. Kaphokoso kamene foni imachita uthenga ukalowa, kulira kwa pulogalamu ikamatseguka, mawu a Siri wa mu iPhone, zonsezi wina anazikonza. Kanyimbo kotsegulira Windows 95 anapeka ndi woimba Brian Eno, amene anauzidwa kuti katalike masekondi atatu ndi pang'ono, ndipo anapanga timitundu 84 asanasankhepo kamodzi.

Ofunsa anthu za moyo wawo

Design Matters ndi imodzi mwa zakale kwambiri. Debbie Millman anaiyamba mu February 2005 pa wailesi ya pa intaneti ya VoiceAmerica, akulipira yekha nthawiyo, alendo akuwafunsa pa telefoni, mawu akumveka ngati akuchokera m'chitini. Panthawiyo anali mkulu ku Sterling Brands, kampani yokonza maonekedwe a katundu wogulitsa. Mu 2009 pulogalamuyo inasamukira ku webusaiti ya Design Observer, ndipo mu 2011 inalandira mphoto ya People's Design Award ya Cooper Hewitt, nyumba yoonetsera zinthu za dizaini ku New York.

Mphamvu ya Millman ndi kukonzekera. Amawerenga chilichonse chimene mlendo analembapo kapena kunenapo, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi kanthu ka paubwana kamene mlendoyo samayembekezera kuti wina angakafukule. Munthu akadzidzimuka choncho amasiya mayankho oloweza. Mwa alendo ake akale muli akuluakulu a ntchitoyi: Milton Glaser, amene anajambula chizindikiro cha I ♥ NY ali mu takisi ndipo chinayamba kugwira ntchito mu 1977, Paula Scher wa ku kampani ya Pentagram, amene anajambula logo ya banki ya Citi pa kapepala kopukutira m'manja pa msonkhano mu 1998, ndi Massimo Vignelli, mwini mapu a sitima za pansi pa nthaka za ku New York a mu 1972. Glaser anamwalira mu 2020, Vignelli mu 2014, choncho magawo amenewo tsopano ndi chuma.

Mapu a Vignelli ndi chitsanzo chabwino cha mkangano umene sutha m'ntchitoyi. Iye anawongola njanji zonse kukhala mizere yoyera bwino, siteshoni iliyonse kadontho, kuti munthu aone msanga pokwerera ndi posinthira. Pochita izi anapotoza mzinda weniweniwo: paki yaitali ya Central Park inaoneka yofanana mbali zonse, madzi sanali abuluu. Anthu otuluka pansi n'kuyamba kuyenda pamsewu ankasochera, ndipo mu 1979 mapuwo anachotsedwa. Ndani analondola? Mu 2025 mzindawo unabwerera ku mapu ofanana kwambiri ndi akewo, panthawi imene aliyense ali ndi mapu a misewu pafoni.

Vuto la ma podcast ofunsa anthu otchuka n'lakuti mumangomva kwa amene anaoloka. Aliyense amasimba za kukanidwa, kusowa ndalama, kenaka mwayi wotseguka. Anzawo zikwizikwi amene anakanidwa chimodzimodzi, mwayi osabwera, palibe amawaitana. Mukamvera magawo khumi motsatizana mumatuluka mtima uli m'mwamba koma m'manja mulibe kanthu. Komanso zaka zaposachedwapa Design Matters imaitana kwambiri alembi, oimba ndi ochita zisudzo, ndiye wofuna dizaini yeniyeni afufuze magawo akale. Clever, imene Amy Devers ndi Jaime Derringer anayamba mu 2016, imayenda njira yomweyo koma ndi okonza mipando, ziwiya ndi m'kati mwa nyumba.

Revision Path ndi yosiyana. Maurice Cherry wa ku Atlanta anaiyamba mu 2013 ataona kuti m'magazini ndi m'misonkhano ya dizaini anthu akuda saoneka, ngati kulibe. Anafunsa mazanamazana, ambiri osatchuka n'komwe, ndipo chifukwa cha chimenecho macheza ake amafika pansi: ntchito yoyamba anaipeza bwanji, anaphunzira yekha kapena kusukulu, zimakhala bwanji kukhala wekha wa khungu lako mu ofesi yonse. Mu 2019 magawo ake ena analowa m'nyumba yosungira mbiri ndi chikhalidwe cha anthu akuda a ku America ya Smithsonian ku Washington.

Macheza a pantchito

Awa ndi a munthu amene walowa kale, makamaka wokonza mawebusaiti ndi maapu. Mawu amene mudzawamva kwambiri ndi UX, kutanthauza zonse zimene munthu amakumana nazo akamagwiritsa ntchito chinthu, kuyambira pamene wachitsegula mpaka pamene wapeza chimene amafuna kapena wagwa ulesi. UX Podcast ya Per Axbom ndi James Royal-Lawson, ya ku Stockholm, inayamba mu 2011, ndipo ndimaikonda chifukwa eni ake sachita mantha kufunsa ngati chinthu n'choyenera kupangidwa n'komwe. Nielsen Norman Group, kampani imene Jakob Nielsen anayambitsa ndi Norman wa zitseko uja mu 1998, ilinso ndi yake, youma pang'ono koma yodalira kafukufuku. Kwa Nielsen n'kumene kunachokera langizo lotchuka lakuti anthu asanu okha oyesa chinthu chanu, inu mutakhala chete pambali n'kumaonerera, amavumbula pafupifupi 85 pa 100 ya zovuta zake. Kukhala cheteko n'kumene kumavuta. Munthu akamasakasaka batani limene inu mukuliona lili poyera, pakamwa pamayabwa.

M'macheza otere mudzamvanso za misampha imene Harry Brignull anaipatsa dzina mu 2010, loti dark patterns. Mukuidziwa kale: batani lovomera lalikulu lowala, lokanira laling'ono lotuwa pakona; kulembetsa kwa mphindi imodzi, kusiya kwa masamba asanu ndi foni pamwamba; kabokosi kochongedwa kale kokuvomerezani zimene simunapemphe. Amene anakonza zimenezi si mbuli. Ndi katswiri, ndipo ntchito yake yayenda monga anafunira bwana wake.

Apa pafunika kuyang'ana mwini podcast. Design Better ya Aarron Walter ndi Eli Woolery inabadwira mu kampani ya InVision, ndipo Wireframe ya Khoi Vinh inali ya Adobe. Zonse ziwiri zili ndi magawo abwino, koma kampani yogulitsa zida za pakompyuta zochitira dizaini sikulipira studio chifukwa cha chifundo. Zida zimenezo nazonso sizikhalitsa. Anthu anachoka pa Photoshop kupita pa Sketch, kenaka pa Figma. Adobe inafuna kugula Figma pa madola 20 biliyoni mu 2022, malondawo n'kulephereka kumapeto kwa 2023, ndipo InVision inatseka ntchito zake kumapeto kwa 2024, podcast yake n'kupitirira payokha. Gawo la zaka zisanu zapitazo lonena za chida lafwifwa kale. La mu 2014 lonena za nsanamira za Citicorp likadali latsopano. The Futur ya Chris Do imathandiza pa chinthu chimodzi chimene masukulu amachizemba, kutchula mtengo wa ntchito yako osachita chibwibwi, ngakhale kuti nthawi zina imamveka ngati msonkhano wolimbikitsana.

Otsutsa ndi ochepa, ndipo amafuna kudekha. Scratching the Surface ya Jarrett Fuller, ya kuyambira 2016, imacheza ndi aphunzitsi ndi alembi za funso lakuti ntchitoyi ndi yotani kwenikweni ndipo ikutumikira ndani. Michael Bierut ndi Jessica Helfand anachita The Observatory, macheza a anthu awiri odziwana kalekale amene satopa kutsutsana. About Buildings + Cities ya Luke Jones ndi George Gingell ikhoza kutha maola angapo pa katswiri mmodzi wa zomangamanga, ndipo samunyengerera. Monocle on Design ya ku London ndi ya nkhani zatsopano, monga za chionetsero cha mipando cha Salone del Mobile ku Milan. Ndi yosalala bwino, koma dziko lake ndi la anthu amene mtengo wa mpando suwadzidzimutsa. Funso la otsutsa limaoneka bwino pa benchi ya Camden, chibenchi cha konkire chimene chinaikidwa ku London mu 2012, chopendekeka dala kuti munthu asagonepo, chopanda mng'alu wobisamo kanthu. Chimachita ndendende zimene anachikonzera. Amene alibe pogona ndiye angakuuzeni ngati imeneyo ndi dizaini yabwino.

Mwaona kale kuti pafupifupi onsewa akuchokera ku New York, San Francisco ndi London, ndipo ali m'Chingelezi. Akamati "aliyense amadziwa" amatanthauza aliyense wa kwawoko, ndiye womvera wa kwina kulikonse ayenera kumasefa: mfundo atenge, chitsanzo asake chake. Pa chilankhulo, maapu ambiri amalola kuchepetsa liwiro la mawu kufika pa 0.8, ndipo 99% Invisible imaika pa webusaiti yake zithunzi ndi mawu olembedwa a magawo ambiri.

Zimene khutu silingakupatseni

Palibe podcast imene ingaphunzitse diso kuona kuti mpata wa pakati pa zilembo A ndi V wakula kuposa wa pakati pa H ndi I, kapena kuti zolemba zotuwa pa pepala loyera zidzavutitsa munthu wokalamba. Zimenezo zimabwera ndi kujambula, kulakwitsa, kuonetsa wina amene sakukunyengerera, n'kujambulanso. Choopsa cha kumvera n'chakuti kumakoma, ndipo kukomako kumafanana kwambiri ndi kudziwa. Ine ndinakhalapo miyezi ndi mahedifoni m'makutu, mayina a akatswiri ndikuwatchula ngati achibale, koma tsiku limene anandipempha kukonza kapepala ka tsamba limodzi ka chidziwitso cha msonkhano ndinaunjikapo mitundu inayi ya zilembo, ndipo tsiku la msonkhanowo, chinthu chokhacho chimene anthu ankafuna, linabisala pansi penipeni. Kuchokera pamenepo gawo likatha ndimazimitsa, osalola lotsatira kuyamba lokha, n'kusaka chinthu chimodzi pafupi chimene chili ndi vuto longa limene ndamvalo. Ndimachijambula m'kope, moipa momwemo, n'kulemba amene ndikuganiza kuti anapindula ndi chosankhacho. Gawo limodzi pa sabata lochita nalo chotere limaposa khumi omvera uku ukuganiza zina.

Pali gawo limodzi la 99% Invisible limene ndimabwerezabe, lotchedwa Ten Thousand Years. Pafupi ndi Carlsbad ku New Mexico, boma la America limakwirira zinyalala za nyukiliya mu mgodi wa mchere, mamita oposa 600 pansi pa nthaka, ndipo malowo ayenera kukhala osakumbidwa kwa zaka 10,000. Akatswiri anasonkhanitsidwa kuti apeze njira yochenjezera anthu a nthawi imeneyo. Zolemba sizingathandize, chifukwa palibe chilankhulo chimene chakhalapo chomveka zaka zochuluka chotero. Chigaza ndi mafupa opingasa chasinthapo kale tanthauzo kangapo, ndipo lero ana amachivala pa malaya. Zithunzi zotsatizana za munthu akutsegula mgolo kenaka n'kugwa, wowerenga kuchokera mbali inayo angaone munthu wodwala akutsegula mgolo n'kuchira. Minga zikuluzikulu za konkire zikhoza kungoitana alendo odzaona malo. Mu 1984, poyankha funso longa lomweli, Françoise Bastide ndi Paolo Fabbri anapereka ganizo limene limaseketsa ukalimva koyamba: pawetedwe amphaka osintha mtundu akayandikira poizoni wa nyukiliya, ndiye pafalitsidwe nthano, miyambi ndi nyimbo zoti mphaka akasintha mtundu, samukani. Iwo anaona kuti zimene agogo amauza adzukulu zimakhalitsa kuposa zikwangwani. A pulogalamuyo anapempha woimba wina kuti apeke nyimbo yotero, ndipo ili m'gawo lomwelo, yosavuta kuloweza, yoti mwana akhoza kuiimba akusewera osadziwa kuti ikunena chiyani.